Magetsi a M'mutu mwa Ababa

9 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi mwana. Kuno tilipo, koma kulipo kwake n'kwa tsiku limodzilimodzi. Mwakhala chete chiyambire Januwale. Kodi basi yanuyo sikukupatsani mpata wogwira cholembera?

Ndalemba chifukwa cha Ababa. Za kuiwalaiwala kwawo mukuzidziwa, patha zaka ziwiri tsopano. Tinazolowera kupeza magalasi awo m'firiji, tinazoloweranso kuti andifunse kasanu ngati ndadya. Koma chabwera tsopanochi n'china.

Milungu iwiri yapitayo tinali patebulo m'mawa. Ankandiuza za nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri imene anaikamo mawaya a magetsi ali mnyamata, kapu ili m'manja. Anangoima pakati pa mawu. Maso ali tong'o kukhoma, milomo ikutafuna chinthu choti palibe, zala za dzanja lamanja zikupota m'malere monga ankapotera mawaya awiri. Ndinawaitana, ndinawagwedeza phewa. Achimwene, thupi linali lawo, lofunda, likupuma, koma mwini wake anali atatuluka. Sindinaonepo munthu akuchoka chonchi ali pomwepo. Itatha mwina mphindi imodzi anaphethira, n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Mayi, kodi eni nyumba ino abwera nthawi yanji?" Tsiku lonselo sanandidziwe.

Zachitika kasanu ndi kawiri chiyambire pamenepo, ndikumalemba pakalendala. Dzulo masana ndiye zinakula. Anagwa pakhonde, thupi lonse kuuma gwa, kenaka kugwedezeka mpaka anadziluma lilime. Ine ndinali pamakina, ndikumaliza diresi la kasitomala, ndinangomva kukuwa kwa Amayi. Kuchipatala chathu chaching'ono chija ati ndi khunyu, ndipo atilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu. Khunyu kuyamba munthu ali ndi zaka 76? Ine ndimayesa ndi matenda oyamba ku ubwana.

Amayi sakudandaula, mukuwadziwa, angoonda basi. Ngati n'kotheka pemphani tchuthi mubwere. Yankhani msanga.

Ndine mlongo wanu,
uja Ababa amamutcha Kasingano akamukumbukira


30 Malichi

Chemwali,

Moni kwa iwe, kwa Amayi ndi kwa Ababa. Ife tili bwino, kungoti mlamu wako akuvutika ndi chimfine ndipo mwana wayamba kumera mano, choncho m'nyumba muno aliyense ndi wokwiya.

Kalata yako ndaiwerengera kudepoti, pakati pa ulendo wam'mawa ndi wamasana. Usaope kwambiri. Ababa kuyambira kale akamaganiza amauma ngati mtengo wa magetsi. Waiwala mmene tinkawaitanira katatu asanacheuke, maso ali kudenga akuwerenga mababu a m'nyumba ya eni ake? Ndi ukalamba umenewo. M'basi mwanga mumakwera agogo ambiri otere. Amatsika pamalo olakwika, mawa lake amakweranso ali bwinobwino.

Za kugwazo, kodi sanangopunthwa? Simenti ya pakhonde paja inatukumuka pafupi ndi khomo la khitchini, ndinanena kale. Komanso, usandimve molakwa, makina osokera akamalira munthu samva zakunja. Mwina uchepetseko zosoka kuti pazikhala wina pafupi nawo.

Tchuthi n'chovuta pakali pano. Madalaivala awiri asiya ntchito ndipo abwana akuti aliyense adikire. Ndiyesabe. Pitani nawo kuchipatala chachikuluko, undilembere zonse zimene akanene, osasiya liwu ndi limodzi lomwe. Ndatumiza jekete yofunda ndi nsapato zosaterera.

Mchimwene wako


21 Epulo

Achimwene,

Moni nonse. Jekete yafika, ikuwakwana. Mwana mano afika angati?

Zoti ndichepetse zosoka ndazimva. Ndinalira, kenaka ndinaseka, chifukwa makinawo ndinawakokera kale pabalaza, mpando wa Ababa uli pambali panga penipeni, moti ulusi umagwera pamaondo awo. Zimenezo tizisiye. Ndili ndi zazikulu zoti ndikuuzeni.

Tinakhala masiku anayi kuchipatala chachikulu. Dokotala wa ubongo ndi mayi wamfupi wa imvi, wolankhula mosathamanga. Anawamata Ababa timawaya pafupifupi makumi awiri m'mutu, uku ndi uku, tolumikizidwa ku makina amene amalemba mizere papepala lalitali loyenda lokha. Amayi anati, "Zaka zonsezi akhala akuika mawaya m'nyumba za anthu, lero aikidwa iwowo." Dokotala anaseka, kenaka anatiuza kuti si nthabwala ayi. Mutu wa munthu umayenderadi magetsi, ochepa kwambiri, ndipo kuganiza konse, kukumbukira, ngakhale kudziwa nkhope ya mwana wako, ndi timagetsi timeneto tikamadutsana. Ndinadzigwira m'mutu osadziwa kuti ndadzigwira.

Ndinaima pamenepo n'kumayang'ana pepalalo. Mizere inkayenda mofatsa, ikukwera pang'ono, ikutsika pang'ono. Mwadzidzidzi zolembera za makinawo zinapenga, n'kumakwapula pepala tswa tswa tswa, mizere italiitali yosongoka. Nditacheuka, Ababa anali atauma, milomo ikutafuna, zala zikupota. Chimene chimawatenga chija ndinachiona ndi maso angawa chikudzilemba chokha.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti zolemberazo zinkapenganso nthawi zina Ababa atangokhala phee, osaonetsa kalikonse. Dokotala akuti pali mtundu wa khunyu wosagwetsa munthu pansi, ndipo Ababa wakhala ukuwagwira mwina kakhumi patsiku ife osadziwa. Ukawagwira umawasiya m'chimbuuzi mpaka mawa lake, asanatulukemo wabweranso. Pansi pa zonsezi pali nthenda ina ya ubongo, yosowa kwambiri, imene ikuwadya pang'onopang'ono. Dzina lake anandilembera pakapepala, lilime langa lalephera kulitchula. Pa zaka makumi awiri zimene mayiyu wagwira ntchito, Ababa ndi munthu wachitatu kumuona nayo. Imeneyo ilibe mankhwala. Koma a khunyu alipo ndipo tayamba, kapiritsi koyera m'mawa, kena madzulo.

Si simenti ya pakhonde, Achimwene.

Mlongo wanu


14 Meyi

Achimwene!

Moni, moni nonse. Sindidikira yankho lanu. Ababa abwerera!

Lachitatu m'mawa ndinkasita, simbi n'kuzima. Ndinaimenya ndi chikhatho monga ndimachitira. Kumbuyo kwanga ndinamva mawu akuti, "Kasingano, simbi samenya. Bwera nayo kuno." Dzina limeneli ndinali nditalimva komaliza chaka chatha. Zala zawo zinkanjenjemera, choncho masikulu a simbiyo ndinamasula ndine, iwo akulamula. Anangoloza kuti, "Waya uyo wapsa. Dula apa, senda pang'ono, mangitsa." Simbi inayaka.

Kenaka anaona Amayi ataima pakhomo ndi thaulo, n'kunena kuti, "A Kapitawo, mwaonda bwanji chonchi? Simukudya?" Mukukumbukira kuti ndi mmene ankawaitanira tili ana. Amayi, amene sanalire tsiku lija Ababa anagwa, anakhala pansi pomwepo n'kubisa nkhope m'thaulomo.

Sikuti zonse zabwerera. Chaka sakuchidziwa, ndipo kukamada amasokonezekabe. Koma m'mawa uliwonse timakhala ndi bambo wathu weniweni kwa maola atatu kapena anayi. Dzana ndinayenda nawo mpaka pamphambano, atandigwira mkono. Ankaloza nyumba imodziimodzi: iyi ndinaika ndine, iyo mwini wake anali wovuta, iyo denga lake lili ndi mavu. Wometa tsitsi wa pamphambano uja anasiya munthu pampando ndi mutu wometa theka, n'kutuluka kudzawagwira chanza.

Dokotala nayenso anavula magalasi atamva Ababa akumupatsa moni. Akuti munthuyo analipo nthawi yonseyi, khunyu ndi amene ankamutsekereza. Anawaonetsa pepala la mizere lija. Ababa analiyala pamaondo, n'kumalitsata ndi chala. Atafika pa mizere yosongoka ija anati, "Apa pali shoti, mawaya akhudzana." Kenaka anati, "Amene anaika mawaya amenewa anali mmisiri. Kungoti akhalitsa." Mawu amenewa akhala akundizungulira m'mutu mlungu wonse.

Bwerani mudzaone nokha. Nditawauza kuti ndikulembera inu anapempha cholembera. Kapepala kawo ndi aka ndaika m'katimu.

Mlongo wanu

Mwana wanga,
Uli bwanji. Akuti uli ndi mwana. Ndasangalala. Ine ndinali kwina, sindikudziwa kuti n'kuti. Kunalibe anthu. Tsopano ndili kunyumba. Amayi ako akundisunga bwino. Uziyendetsa pang'onopang'ono, umanyamula ana a eni ake.
Bambo ako


3 Juni

Chemwali wanga,

Moni nonse, makamaka Ababa. Kapepala kawo ndinakawerenga nditaimika basi kumapeto kwa msewu, ndipo ndinachedwa kunyamuka mpaka okwera anayamba kugogoda galasi. Kali m'thumba la malaya. Pepa chifukwa cha mawu anga aja a makina ndi simenti. Anali mantha. Ndinkafuna kuti vutolo likhale loti munthu angalikonze ndi fosholo.

Poti achira chonchi, mtima wanga wakhala pansi. Tchuthi anali atandipatsa cha mwezi uno, milungu iwiri yokha, koma ndasinthana ndi mnzanga amene mkazi wake watsala pang'ono kubereka. Ine nditenga cha Disembala, mwezi wathunthu, tibwere tonse atatu kuti Ababa adzanyamule mdzukulu wawo. Pofika nthawi imeneyo adzakhala atalimbiratu, mwinanso adzandikalipira kuti sindidziwa kusintha fyuzi ya magetsi.

Tikusamuka mlungu wamawa, tapeza nyumba ya zipinda ziwiri. Keyala yatsopano ndikutumizira tikakhazikika. Undiuze, akudya bwino?

Mchimwene wako


18 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Moni kwa iwe, kwa mpongozi wanga ndi kwa mdzukulu. Sindilembalemba, maso ndi ovuta, ndiye umve bwino.

Bambo ako sanachire. Mlongo wako analemba zosangalatsa zokhazokha chifukwa ndinamuletsa ndine kulemba zinazo. Sindinkafuna kuti mawuwo akhale papepala. Ndinalakwa. Tsiku lomwe lija bambo ako anaona pepala la mizere, dokotala anatitengera pambali. Anati mankhwala atontholetsa khunyu basi, nthenda inayo ikupitiriza ulendo wake. Anati mpata umenewu ukhoza kukhala wa milungu, ukatalika miyezi iwiri, ndipo amene ali ndi mawu ndi iwo alankhule tsopano.

Maola aja ayamba kufupika. Dzulo linali ola limodzi. Anafunsa kuti, "Dalaivala wafika?" Ndinati ali m'njira. Usandisandutse wabodza.

Disembala ndi kutali. Keyala yatsopano sunatumize, ndalemba pa yakale.

Mayi ako


20 Julayi

Achimwene,

Moni, ngati moni wathu akukufikani. Amayi anakulemberani mwezi wapitawo, yankho palibe. Tsiku lililonse amavala nsapato n'kupita okha kukaona bokosi la makalata. Ine ndatopa nako kukuikirani kumbuyo.

Ababa sakuyendanso. Mawu awatsalira ochepa, ndipo dzina langa lapitanso. Chitseko chikamenyeka manja awo amadumpha okha. Kugwedezeka kuja kwabwerera ngakhale dokotala anawonjezera mankhwala. Zosoka ndasiyiratu, makina ndawafunditsa nsalu.

Ngati mwasankha kuti muziwakumbukira ali bwino, nenani, ndiwauze Amayi asiye kudikira.

Mlongo wanu


2 Ogasiti

Amayi ndi Chemwali,

Moni. Makalata anu awiri ndawalandira lero, onse pamodzi. Mwini nyumba yakale ija anawaika m'dirowa n'kuiwala, ine ndinangopitako kukatenga ketulo imene tinasiya. Kalata ya keyala yatsopano ndinalemba, ndipo ndaipeza lero lomwe m'thumba la yunifolomu ina, yosaponya.

Ndawauza abwana kuti ndikupita, andilole kapena asandilole. Ndinyamuka Loweruka. Mwina ndifika kalatayi isanafike. Awuzeni Ababa kuti Dalaivala alidi m'njira.

Mwana wanu


8 Sepitembala

Chemwali,

Ndafika bwino, ntchito ndaipeza ikadalipo. Moni kwa Amayi. Ababa ali bwanji masiku ano, akumeza?

Milungu itatu ija sikundichoka m'maso. Sanandidziwe, unaona wekha, ndipo mlandu ndi wanga, si wa wina. Koma pali chimene sindinakuuze. Tsiku lija unapita ndi Amayi kukatenga mankhwala, zinawagwira ndili ndekha. Ndinachita monga unandiphunzitsira: kuwagoneka chammbali, pilo kumutu, osaika kanthu m'kamwa, maso pawotchi. Mphindi ziwiri. Pansi pa dzanja langa munthu woonda uja ankagunda ngati injini ya basi. Sindinkadziwa kuti m'thupi lotsala mafupa okhaokha mungakhale mphamvu zotere. Ndinachita mantha, komanso sindinathe kuyang'ana kumbali.

Zitatha anapuma mpweya wautali n'kutsegula maso. Anandiyang'ana nthawi yaitali monga khanda limayang'anira munthu, mopanda mantha, mopanda funso. Sindikudziwa kuti ankaona ndani. Anandigwira chala ndipo sanachisiye mpaka munabwera. Malaya anga anali atanyowa ndi thukuta. Iwe wakhala ukuchita zimenezi kuyambira Malichi, ine n'kumakulembera za simenti.

Tsopano za pempho la dokotala lija, loti Ababa akadzatisiya adzatenge ubongo wawo kuti akaupime. Pamaso pa Amayi ndinakhala chete, koma mtima wanga ukukana. Avutika mokwanira. Apite athunthu. Uwafikitsire Amayi mawu angawa mofatsa.

Mchimwene wako


11 Disembala

Mwana wanga,

Moni nonse atatu. Mdzukulu wayamba kuyenda? Undiuze.

Patha miyezi iwiri chimwalirireni bambo ako. Telegalamu ija inali ya mawu ochepa, ndipo kalata yako yopepesa kuti sunathe kubweranso ndinailandira. Palibe chopepesa. Anapita m'mawa, dzuwa litalowa pawindo, popanda kugwedezeka kulikonse. Mlongo wako anali akuwapukuta kumaso.

Mawu ako okana anandifika. Ndinawaganizira masiku ambiri, kenaka ndinasaina pepala lolola dokotala. Ukwiyire ine, osati mlongo wako. Ndinakhala ndi munthu ameneyu zaka 51. Chinthu chikafa m'nyumba muno, kaya wailesi kaya wotchi, sankalola kuti chitayidwe asanachitsegule n'kuona chimene chachipha, kuti akadzapeza chotere kwa munthu wina adzadziwe pogwira. Dokotala anandiuza kuti wodwala wachinayi adzabwera ndithu tsiku lina, ndi mkazi wake, ndi ana ake. Ndikanakana bwanji?

Mlungu watha dokotalayo anatiitana. Ndinkayesa akukatipatsa pepala. Anatilowetsa m'kachipinda koyera. Patebulo panali makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo anatulutsa kagalasi kotalika ngati chala changa, pakati pake pali kadontho kofiirira, kachidutswa ka ubongo wa bambo ako. Anati, "Amayi, ngati mungakonde." Mlongo wako anakana, anakaima pawindo. Ine ndinavula magalasi n'kuika diso.

Mwana wanga, munali nkhalango. Mitengo yambirimbiri yopanda masamba, nthambi zake zikufikirana, zikugwirana, mpaka kumene diso silifika. Ina inali yoima bwinobwino. Ina inali yakuda, yopiringizana, ndipo pena panali poyera, mitengo itatheratu. Dokotala anati kamene ndikuonako, poyerekeza ndi mutu wonse, kali ngati kamchenga kamodzi, ndipo kachokera mbali imene imathandiza munthu kusunga mayina ndi nkhope. Anati poona mmene panawonongekera, iye mwini sakumvetsa kuti bambo ako anapeza njira iti yobwerera kudzalankhula nafe. Walembera madokotala anzake akutali kuti nawonso aone.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti ine ndinkakhala muno?" Anati, "Inu ndi ana anu." Ndinayang'ana mpaka diso linatuluka misozi, ndinasintha ndi linalo. Ndinkati amuna anga ndinawadziwa paliponse, chipsera cha pabondo, mkonono wawo, kapsedwe mtima kawo. Sindinkadziwa kuti ndinkagona pafupi ndi dziko lalikulu chonchi, n'kumalikalipira chifukwa cha masokosi otayidwa pansi.

Dokotala anadikira, sanandifulumizitse. Titatuluka mlongo wako anandifunsa kuti ndaona chiyani. Ndinati, "Bambo ako anali aakulu." Sanafunsenso. Tinakwera basi yobwerera kunyumba, yodzaza, ine pampando wakumbuyo. Njira yonse ndinkangoyang'ana mitu ya anthu okhala kutsogolo kwanga.

Mayi ako